Mtengo wa Chidole Chachitsulo

Ambiri a ife dzanja ndi limene limatigulira katundu. Mukaima pamsika wa Limbe kapena wa Lilongwe n'kumuyang'ana munthu akusankha loko wa pachitseko, ayironi kapena tchaja ya foni, muona kuti sayamba ndi kuwerenga zolembedwa pa katoni. Amanyamula chinthucho n'kumachikweza ndi kuchitsitsa m'dzanja kuti amve kulemera kwake. Chikapepuka amachibweza pa benchi, amvekere, "Ichi ndi feki." Chikalemera nkhope imamasuka, ndipo kunenerera kumayambira pomwepo. Khalidweli sitidabadwe nalo. Lidabwera chifukwa chopusitsidwa kambirimbiri ndi katundu wonyezimira wothyoka tsiku lachiwiri, ndipo kawirikawiri dzanja limanena zoona. Vuto n'lakuti opanga katundu nawonso adalitulukira dzanja lathuli, ndipo amadziwa chochita kuti likhutire.

Ndakhala ndikulingalira zimenezi chifukwa cha zidole. Sindikunena zoseweretsa za ana zimene timagula pa Khirisimasi n'kukhala zitaphwanyika chaka chisanathe. Ndikunena zidole zimene anthu akuluakulu, a ndevu zawo ndi mabanja awo, amasonkhanitsa n'kuika m'kabati yagalasi: maloboti ankhondo a m'makatuni a ku Japan, Iron Man wa m'mafilimu a Marvel, Optimus Prime wa Transformers. Ndi tianthu topindika m'mabondo, m'zigongono, m'chiuno ndi m'khosi, moti ukhoza kutiimika mmene wafunira. Ogulitsa amazitchula kuti action figures, ndipo pakati pa zimenezi pali gulu lodula kwambiri limene pa katoni yake amalembapo mawu akuti diecast, posonyeza kuti zigawo zina n'zachitsulo chosungunula m'malo mwa pulasitiki. Kampani ya Hot Toys ya ku Hong Kong, imene idayamba mu 2000, imapanga zidole zotalika pafupifupi masentimita 30, gawo limodzi mwa magawo 6 a msinkhu wa munthu. Mu 2013 idayamba kutulutsa zidole za Iron Man zachitsulo, ndipo chimodzi chimagulidwa madola 300, 400 kapena kupitirira apo, pamene zambiri zapulasitiki za msinkhu womwewo zimatsikirapo ndithu.

Funso limene limagawanitsa osonkhanitsa zidole kulikonse, ku Tokyo, ku London ndi ku Johannesburg komwe, n'lakuti ndalama yowonjezerayo imagula chiyani. Ena amalumbira kuti loboti wopanda chitsulo ndi chigoba chabe. Ena amati kumeneko n'kuberedwa dzuwa likuswa mtengo. Ine ndili ndi kabati yaing'ono mmene muli zamitundu yonse iwiri, ndipo ndaona kuti mkanganowu sungathe ngati tingomafunsa kuti chitsulo chilipo kapena palibe. Chofunika kudziwa n'chakuti chitsulocho achiika pati, chikugwira ntchito yanji, ndipo iwe wogulawe ukufuna chiyani kwa chidolecho.

Tiyambe ndi chitsulo chenichenicho. Si chija cha khasu kapena nkhwangwa, ndipo mukachiyandikizira maginito sachikoka. Ndi msakanizo wotchedwa zamak, umene mbali yake yaikulu ndi zinki, n'kuikamo aluminiyamu pafupifupi magawo 4 pa 100, komanso kopa ndi magineziyamu pang'ono. Kampani ya New Jersey Zinc ya ku America ndi imene idaukonza mu 1929. Ubwino wake ngwakuti umasungunuka pa kutentha kosafika madigiri 400, pamene chitsulo cha khasu chimafuna madigiri pafupifupi 1,500. Ukasungunuka, makina amaukankha mwamphamvu kulowa m'chikombole cholimba, n'kuzizira m'masekondi ochepa, chigawo n'kutuluka chitaumbika kale. Ndi njira yomweyi imene amapangira zogwirira zitseko, timitu ta zipi ndi zomangira malamba. Ndiye kuti pafupifupi nyumba iliyonse ili nacho kale chitsulo chimenechi, kungoti palibe amene adachiika m'kabati yagalasi.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti chitsulochi n'chotsika mtengo. M'zaka zapitazi zinki sanapitirepo madola 5 pa kilogalamu pamsika wa zitsulo wa ku London, ndipo nthawi zambiri wakhala cha m'madola atatu. Chidole cha masentimita 30 sichikhala ndi chitsulo chambiri kuposa kilogalamu imodzi. Umboni wina uli m'timagalimoto ta Hot Wheels ta kampani ya Mattel, timene thupi lake nthawi zambiri limakhala la zamak yemweyu, koma ku America takhala tikugulitsidwa pa dola imodzi ndi pang'ono kwa zaka zambirimbiri. Ngati kagalimoto kachitsulo kangagulidwe pa mtengo wa botolo la chakumwa, ndiye kuti madola 100 owonjezera pa Iron Man sakulipirira kulemera kumene dzanja likumva.

Ndalamayo imapita kwina, ndipo gawo lina la iyo lili ndi chifukwa chomveka. Pulasitiki amatha kumusakaniza ndi mtundu asanamuumbe, chigawo n'kutuluka chofiira kale. Chitsulo chimatuluka chotuwa, chokhala ndi timinga m'mbali, ndiye pamafunika kuchipala, kuchisalaza, kupaka penti woyamba wogwira pachitsulo, kupaka mtundu, n'kumalizira ndi wonyezimiritsa. Zambiri mwa ntchito zimenezi zimachitika ndi manja a anthu m'mafakitale a ku China. Zigawo zapulasitiki zimangolumikizana mwa kukanikiza kapena kumata, pamene zachitsulo zimafuna masikuluwu ndi timisomali. Kenako pali ndalama ya chilolezo yopita kwa eni ake a munthu wa m'filimuyo, monga Disney imene idagula Marvel mu 2009. Pomaliza, zidolezi amapanga zochepa, ndiye mtengo wa zikombole umagawidwa kwa ogula ochepa. Zonsezi n'zoona. Koma n'zoonanso kuti mawu akuti diecast pa katoni amatsegula chikwama cha wogula mwachangu kuposa mawu ena alionse, ndipo makampani sangalephere kuwonjezerapo kangachepe chifukwa cha mawu okhawo.

Kuti timvetse chifukwa chake mawuwa ali ndi mphamvu chonchi, tiyenera kubwerera kwa ana a kale. Ku Britain kampani ya Meccano ya ku Liverpool idayamba kugulitsa timagalimoto ta Dinky mu 1934. Lesney idabwera ndi Matchbox mu 1953, Corgi mu 1956, ndipo ku America Hot Wheels adatuluka mu 1968. Nthawi yonseyo chitsulo chosungunula chinali cha magalimoto, ndege ndi akasinja. Tianthu topindika, monga G.I. Joe amene Hasbro idatulutsa mu 1964, tinali tapulasitiki.

Amene adaphatikiza ziwirizi ndi a ku Japan. Mu 1972 wojambula Go Nagai adayambitsa nkhani ya Mazinger Z, chimphona cha loboti choyendetsedwa ndi mnyamata wokhala m'mutu mwake. M'nkhaniyo loboti adapangidwa ndi chitsulo chodabwitsa chimene adani sakanatha kuchiboola. Mu 1974 kampani ya Popy, nthambi ya Bandai, idatulutsa chidole cha Mazinger Z chachitsulo pansi pa dzina lakuti Chogokin. Nzeru yake inali yakuti mwana akachinyamula n'kumva kuzizira ndi kulemera, akhulupirire kuti wagwira chidutswa cha loboti weniweni wa pa kanema. Zidayenda malonda kwambiri, ndipo makampani ena adatsatira. Zidole za Diaclone ndi Microman za kampani ya Takara, zimene Hasbro idazitenga n'kuzitcha Transformers mu 1984, zinalinso ndi zigawo zachitsulo. Patangopita zaka zochepa chitsulo chidayamba kuchepa ndipo pulasitiki adalanda malo, popeza ndiye anali wosavuta ndi wotsika mtengo kupanga.

Ana aja adakula, n'kuyamba kulandira malipiro. Mu 1997, patatha zaka 23, Bandai idatulutsanso Mazinger Z wachitsulo m'gulu latsopano la Soul of Chogokin, ndipo ulendo uno wogula amene ankamufuna anali bambo wa zaka za m'ma 30 wokumbukira ubwana wake. Takara idachitanso chimodzimodzi mu 2003 ndi Optimus Prime wa gulu la Masterpiece, ndipo mu 2011 Bandai idawonjezera gulu la Metal Build la maloboti a Gundam. Pa makatoni ambiri a zidole zoterezi pamalembedwa kuti n'za anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Chimene makampaniwa akugulitsa ndi kumva kuja kwa mwana wa mu 1974, atakukonza bwino n'kukuika pa mtengo wa munthu wapantchito. Munthu akamagula chikumbutso cha ubwana wake sawerengera bwino ndalama, ndipo wogulitsa amadziwa.

Ubwana wanga ine sunali wa Chogokin. Unali wa galimoto zamawaya, zokhala ndi matayala a zitsekerero za mabotolo kapena odula ku patapata wakutha, ndi chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Chitsulo chosungunula ndidachigwira koyamba pamene amalume adabwera kuchokera ku Joni ndi kagalimoto kobiriwira kokwana m'chikhatho. Anzanga onse adabwera kudzakaona, ndipo chimene ndimakumbukira n'chakuti palibe amene adapempha kuti akayendetse. Aliyense ankati, "Tandipatsa ndikagwire." Akakagwira ankakatembenuza, n'kukagogoda ndi chikhadabo, n'kukapereka kwa mnzake. Pa mchenga wa pabwalo kagalimotoko sikankayenda n'komwe, chifukwa timatayala take tinali tating'ono kwambiri. Tikafuna kusewera tinkabwerera ku zamawaya zathu, zimene zinkadutsa m'matope ndi m'miyala, ndipo zikapindika tinkangoziwongola. Kachitsulo kaja kanali kogwira ndi kuyang'ana. Zidole zodula zimene ndili nazo lero ntchito yake ndi yomweyo, ndipo ndikuganiza kuti aliyense wofuna kugula ayenera kuvomereza zimenezi poyamba: akugula chinthu chogwira ndi kuyang'ana.

Pa ntchito imeneyo, pali malo amene chitsulo chimathandiza zenizeni. Zamak amalemera kuposa pulasitiki wa mtundu wa ABS pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Akamuika m'mapazi ndi m'miyendo, kulemera kumatsikira pansi, ndipo loboti wonyamula mapiko aakulu kumsana amaima nji popanda chomuchirikiza. Akamuika m'mafupa a m'kati ndi m'malo opindikira, monga mmene amachitira pa Metal Build, chidole chimapirira kupindidwa kambirimbiri, ndipo pulasitiki wopepuka amangokhala chovala cha kunja. Penti wonyezimira amaonekanso mwakuya pachitsulo, moti chofiira cha Iron Man chimafanana ndi cha galimoto yatsopano. Ndipo pali kuzizira kuja. M'mawa wa mu June ukanyamula loboti wachitsulo, chala chimauza mutu kuti awa ndi makina. Kumva kumeneko pulasitiki sangakupatse ngakhale atamupenta bwino chotani. Koma n'chifukwa chakenso chitsulo chimayenera maloboti ndi zovala zankhondo zokha. Spider-Man kapena wosewera mpira wachitsulo alibe phindu, chifukwa thupi la munthu silizizira chonchi ndipo liyenera kupindika mofewa.

Palinso malo amene chitsulo chimawononga. Chikaikidwa pachifuwa, m'mapewa ndi m'mikono, kulemera kumakwera m'mwamba, ndipo chaka ndi chaka malo opindikira amafooka mpaka mkono umayamba kugwa wokha. Penti sagwira pachitsulo mmene mtundu umagwirira m'kati mwa pulasitiki, choncho paliponse pamene zigawo ziwiri zimakhulana, penti amasupuka n'kusiya kachipsera kotuwa. Loboti wanga wina ali ndi chipsera chotere paphewa, chimene chidabwera chifukwa chongokweza mkono monga pepala la malangizo lidanenera. Kuyambira pamenepo ndimamusiya mmene waimiramo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti chidole chimene ndidalipira ndalama zambiri chifukwa chopindika bwino ndi chimene ndimaopa kuchipinda. Tsono pali kugwa. Nyumba zathu zambiri pansi pake ndi simenti kapena matailosi. Chidole chopepuka chikagwa kuchokera pa shelefu chimadumpha n'kugona, koma cholemera chimafika ndi mphamvu yonse, ndipo chimene chimathyoka ndi tinyanga, tizala ndi timapiko, zimene ngakhale pa chidole chodula chotani zimakhala zapulasitiki.

Mfundo yomalizayi ndi yofunika. N'zosowa kupeza chidole chopindika chimene n'chachitsulo chonse, ndipo katoni kawirikawiri sinena kuti chitsulo n'chochuluka bwanji. Zina zili ndi mafupa achitsulo kuyambira kuphazi mpaka m'khosi. Zina zili ndi mapazi awiri okha ndi kachigamba pachifuwa, zokwanira kuti mawu aja alembedwe ndi kuti dzanja limve kulemera m'sitolo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwamwayi masiku ano anthu ambiri amene agula kale amajambula makanema pa YouTube akutsegula katoni n'kumaloza chigawo ndi chigawo, ndipo kuonera kanema mmodzi wotere n'kotsika mtengo kuposa kudandaula pambuyo pake.

Okonda chitsulo amanenanso kuti chimakhalitsa. Mbiri ikuonetsa kuti si nthawi zonse. Timagalimoto tambiri ta Dinky topangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe tidatupa, n'kung'aluka, n'kuyoyoka tokha m'makabati a eni ake. Chidachititsa ndi mtovu ndi zitsulo zina zosafunika zimene zidatsalira mu zinki. Zinki ndi mtovu zimakonda kupezeka pamodzi pansi pa nthaka, monga zidaliri ku mgodi wa Kabwe ku Zambia, umene udatsekedwa mu 1994 n'kusiya mtovu m'dothi umene ukudwalitsabe ana mpaka pano. Mtovu wochepa kwambiri ukatsalira mu msakanizo, chinyezi chimalowa pang'onopang'ono n'kuwononga chitsulo kuchokera m'kati, ndipo vutoli likayamba lilibe mankhwala. N'chifukwa chake zamak wabwino amafuna zinki woyeretsedwa kufika pa 99.99 peresenti. Makampani odziwika masiku ano amasamala zimenezi ndipo vutoli lidachepa kwambiri, koma zidole zokopera zimene zadzaza pa intaneti pa theka la mtengo palibe amene angakutsimikizireni kuti m'chikombole mwake mudalowa chiyani.

Pulasitiki nayenso ali ndi matenda ake. Woyera amasanduka wachikasu akamaombedwa ndi dzuwa. Wofewa wa mtundu wa PVC amatha kuyamba kunata pakapita zaka. Osonkhanitsa Transformers amadziwa bwino pulasitiki wina wa mtundu wa golide amene amafika pophwanyika ukangomugwira. Zigawo za labala zimauma n'kung'aluka, ndipo timabatire toyatsa maso ndi chifuwa tikaiwalika m'kati timatayikira n'kudya mawaya. Popeza chidole chachitsulo chili ndi zonsezi m'thupi mwake, moyo wake umathera pamene chigawo chofooka kwambiri chathera. Kwathu kuno nyengo siithandiza. Kutentha kwa mu October pansi pa malata, fumbi la m'chilimwe lolowa m'malo opindikira, ndi chinyezi cha m'dzinja, zonse zimagwira ntchito yake mwakachetechete. Amene wagula chidole chodula wagulanso udindo wa kabati yotsekeka, yotalikira zenera.

Mfundo imene ndimaikana kotheratu ndi yakuti kugula zidolezi n'kusunga chuma. N'zoona kuti zina zimakwera mtengo zikatha m'masitolo. Koma taonani chimene chidakwera kuposa zonse. Mu May 2024 kachidole ka Boba Fett wa m'mafilimu a Star Wars kadagulidwa madola 525,000 pa malonda a Heritage Auctions, ndipo mu August chaka chomwecho kena ka mtundu womwewo kadafika madola 1.342 miliyoni ku Goldin. Timeneti ndi tapulasitiki, tosakwana masentimita 10 kutalika. Kampani ya Kenner idatipanga mu 1979 ngati zoyeserera, tili ndi kamzinga kofwamphuka kumsana, koma siidatigulitse poopa kuti ana angatsamwe nako. Mtengo wake udabwera chifukwa chakuti tidatsala towerengeka ndipo sitingapangidwenso. Zidole zachitsulo za masiku ano n'zosiyana. Aliyense wogula amasunga katoni ndi mapepala ake, ndiye sizisowa. Ndipo chikayamba kusowa, kampani imatulutsa china chokonzedwa bwino. Iron Man wa mtundu wa Mark III adatuluka wapulasitiki, kenako wachitsulo, kenako wachitsulo wokonzedwanso, ndipo nthawi iliyonse amene adasunga wakale poyembekezera phindu adaona ogula akuthamangira watsopano.

Kwa munthu wokhala ku Malawi, masamu amavutirapo. Mtengo wa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Kulemera kumene tikukutamaku ndi kumene onyamula katundu pa ndege amalipiritsa, pamodzi ndi kukula kwa katoni. Katundu akafika pali msonkho wolowetsera katundu m'dziko ndi VAT. Zonsezi zimafuna ndalama zakunja, zimene kwa zaka zingapo tsopano zakhala zikusowa m'mabanki, ndipo kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Makampani ambiri amafuna kuti uitanitsiretu chidole miyezi yambiri chisanatuluke, n'kumalizitsa kulipira chikatuluka, kutanthauza kuti ukhoza kulonjeza pa mtengo wina wa dola n'kudzalipira pa wina. Ambiri amene tili nazo timadalira abale ndi abwenzi obwera kuchokera ku South Africa kapena ku Britain kuti atinyamulire m'chikwama. Ndipo tsiku lofuna kugulitsa likafika, ogula pano ndi owerengeka. Mbuzi ukhoza kuigulitsa lero lomwe pakagwa vuto. Loboti wa ku Japan angakhale miyezi pa Facebook anthu akungofunsa mtengo n'kuseka.

Pali funso lina lolemera kuposa masamu, ndipo adandifunsa ndi azakhali anga atabwera kudzacheza kuchokera kumudzi. Adaima pa kabati nthawi yaitali, kenako adati, "Mwanawe, tatulutsa kamodzi ndikaone." Ndidawapatsa kofiira. Adakakweza ndi kukatsitsa m'dzanja monga amachitira pamsika.

"Kolemeratu. Kamagwira ntchito yanji?"

"Palibe ntchito, azakhali. N'kongoyang'ana."

"Ana amaseweretsa?"

"Ayi, sitiwalola."

"Nanga udagula zingati?"

Nditawauza adakhala chete, ndipo ndidadziwa kuti m'mutu mwawo akusandutsa ndalamayo kukhala matumba a feteleza ndi fizi ya adzukulu. Ndinkayembekezera ulaliki. M'malo mwake adakabweza m'manja mwanga ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Inenso ndili ndi mbale zanga zadothi zija m'kabati, chigulireni sizidadyerepo munthu. Koma ndidagula chaka chimene tidakolola bwino, wina aliyense atadya n'kukhuta. Iwenso uzionetsetsa zimenezo."

Mawu amenewo adandithandiza kuposa zonse zimene ndidawerengapo za zidolezi. Azakhali sadanene kuti chinthu chopanda ntchito n'chopanda pake. Munthu sakhalira nsima yokha, ndipo pafupifupi aliyense ali ndi kanthu kamene amawonongerapo ndalama anzake n'kumadabwa: wina nkhunda, wina majezi a Bullets kapena Wanderers, wina zokuzira mawu zogwedeza mudzi wonse, wina nsapato zosavala. Kusangalala ndi luso la amene adajambula, kuumba ndi kupenta kachinthu kokhala ndi zigawo zambirimbiri zolumikizana bwino si chinthu chochita nacho manyazi. Chimene adanena n'chakuti chisangalalo chotere chili ndi nthawi yake ndi ndalama yake. M'dziko limene malipiro a munthu mmodzi amadyetsa makomo angapo, ndalama ya chidole iyenera kukhala imene palibe wina akuidikira. Ikachokera ku katapila kapena ku ngongole ya banki m'khonde, chidolecho chimasiya kusangalatsa, chifukwa nthawi iliyonse ukachiyang'ana umaona chiwongoladzanja.

Ndaonanso kuti chiwerengero chimapha chisangalalo. Loboti woyamba ndinkamuyang'ana tsiku lililonse. Anzanga ena amene makabati awo adadzaza amavomereza okha kuti zambiri sadazitulutse n'komwe m'makatoni, ndipo chimene chimawasangalatsa tsopano ndi kudikira katundu wotsatira. Apa ndi pamene ndalama yowonjezera ya chitsulo imatayikira pachabe. Ubwino wonse wa chitsulo, kuzizira, kulemera ndi kuima nji, umamveka m'dzanja mokha. Chidole chotsekeredwa m'katoni, chikhale chachitsulo kapena chapulasitiki, n'chimodzimodzi kwa mwini wake.

Ndiye kodi n'choyenera mtengo wake? Yankho langa n'lakuti inde, koma pa zidole zochepa ndi kwa ogula ochepa. N'choyenera ngati munthu wa m'nkhaniyo ndi loboti kapena wovala zachitsulo, ngati chitsulo chili m'miyendo ndi m'mafupa a m'kati osati pachifuwa pongokometsera, ngati kampani yake ndi yodziwika, ndiponso ngati mudzachitulutsa m'katoni n'kumachigwira. Si choyenera ngati mukufuna chopinda tsiku ndi tsiku, ngati mukugulira mwana, kapena ngati mukuyembekezera kudzapeza phindu. Pa zimenezo pulasitiki wabwino amakwanira, ndipo ndalama yotsalayo ili ndi ntchito zambiri pakhomo. Inu amene mtima wagwa kale pa chidole china, dikirani mwezi wathunthu, onerani amene adachigula kale akuchitsegula, ndipo werengerani mtengo wonse mpaka chitafika pakhomo panu. Mukadzachifunabe pambuyo pa zonsezo, ndipo palibe amene agone ndi njala kapena kubwezedwa kusukulu chifukwa cha icho, gulani chimodzi chabwino n'kulekera pomwepo.